Wapanjinga naye ndi munthu: anzathu akumanga misewu ya kapalasa, ife tikuthamangitsa a kabaza

Chaka ndi chaka akuluakulu a mizinda ya padziko lapansi amasonkhana malo amodzi kwa masiku angapo. Pamakhala mafumu a mizinda, nduna za boma, mainjiniya omanga misewu, madokotala, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi anthu a bizinesi, onse pamodzi kupitirira 1,000. Mwina inu awerengi mukuganiza kuti amakambirana za ndege kapena sitima zoyenda pansi pa nthaka. Ayi ndithu. Nkhani yake imakhala ya njinga. Eee, njinga yakapalasa yomweyi, imene kuno kwathu timaitenga ngati chizindikiro chakuti munthu zinthu sizikumuyendera.

Msonkhanowu dzina lake ndi Velo-city. Udayamba mu 1980 mumzinda wa Bremen ku Germany, ndipo amene amauyendetsa ndi bungwe la okwera njinga ku Ulaya lotchedwa European Cyclists' Federation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1983. Mizinda imachita kulimbirana kuti msonkhanowu ukachitikire kwawo. Mu 2010 udali ku Copenhagen, mu 2011 ku Seville, mu 2012 ku Vancouver, mu 2016 ku Taipei, mu 2018 ku Rio de Janeiro, mu 2024 ku Ghent ndipo mu 2025 ku Gdańsk m'dziko la Poland. Wina wofanana nawo, wa Velo Mondial, udachitikapo muno mu Africa, ku Cape Town mu 2006.

Tsono funso langa ndi lakuti: maiko amene amapanga okha Benz, Volvo ndi BMW akulimbana nayo chifukwa chiyani njinga? Nanga ife amene sitipanga ngakhale nati imodzi ya galimoto, komanso mafuta timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zobwereka, bwanji wapanjinga timamuona ngati chitsotso m'maso?

Holland siidabadwe nazo

Aliyense akamakamba za njinga amayambira ku Holland. N'zoona, dzikolo lili ndi njinga zambiri kuposa anthu: njinga pafupifupi 23 miliyoni, anthu pafupifupi 18 miliyoni. Misewu ya njinga yokhayokha ikupitirira makilomita 35,000, ndipo pa maulendo anayi alionse amene munthu wa kumeneko amayenda, umodzi amapalasa. Pa siteshoni ya sitima ya mumzinda wa Utrecht adamanga nyumba yosungiramo njinga 12,500, yomwe idatha mu 2019. A Mark Rutte, amene adali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2010 mpaka 2024, ankaoneka kawirikawiri akupalasa kupita ku ofesi, popanda mdipiti wa galimoto kapena masaireni oopseza anthu.

Koma musaganize kuti anthu a ku Holland adabadwa ndi mtima wabwino. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, iwonso adapenga nayo galimoto. Adagwetsa nyumba pofuna kukulitsa misewu, mabwalo a m'tauni adawasandutsa malo oimika galimoto, ndipo wapanjinga adakankhidwira m'mphepete monga momwe tikuchitira ife lero. Zotsatira zake zidali maliro. Mu 1971 mokha anthu pafupifupi 3,300 adafa pa ngozi za pamsewu, ndipo oposa 400 mwa iwo adali ana.

Mmodzi mwa makolo oferedwawo adali mtolankhani, a Vic Langenhoff. Iwo adalemba nkhani yowawa m'nyuzipepala mu 1972, ndipo m'nkhaniyo mudachokera gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Azimayi ndi ana awo adayamba kutseka misewu, kukhala pansi pa mphambano ndi kuyenda ulendo wa pa njinga mpaka ku nyumba za akuluakulu a boma. Chaka chotsatira, mu 1973, maiko a Aluya adatseka mpopi wa mafuta, ndipo boma la Holland lidalamula kuti Lamulungu galimoto zisamayende. Apo m'pamene anthu adaona ndi maso awo momwe mzinda umakomera ukakhala wopanda utsi ndi phokoso. Mu 1975 okwera njinga adakhazikitsa bungwe lawo, ndipo makhonsolo adayamba kumanga misewu ya njinga yopatukana ndi ya galimoto. M'zaka zaposachedwapa anthu omwalira pamsewu kumeneko akhala ali pakati pa 600 ndi 750 pachaka, chonsecho galimoto zachuluka kwambiri kuposa mu 1971.

Phunziro lake ndi losavuta. Misewu ya njinga siidagwe kumwamba. Anthu wamba adatopa ndi kuika maliro, adalankhula, andale n'kumva. Mwana akapanda kulira amafera mumbereko.

Zachizungu zimenezo?

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kupukusa mutu, ati zimenezo ndi za azungu, ali ndi ndalama, dziko lawo ndi lathyathyathya komanso kulibe dzuwa ngati kuno. Chabwino, tiyeni tichokeko ku Holland.

Bogotá ndi likulu la dziko la Colombia ku South America, mzinda wa kumapiri wokhala ndi amphawi ambirimbiri ndi makomboni osasiyana ndi a Ndirande kapena Mtandire. Kuyambira mu 1974, Lamulungu lililonse amatseka ina mwa misewu ikuluikulu kuti mukhale oyenda pansi ndi apanjinga okhaokha. Mwambowu amautcha Ciclovía. Umayamba 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, misewu yake ndi yopitirira makilomita 120, ndipo anthu oposa 1 miliyoni amatuluka m'nyumba. A Enrique Peñalosa atakhala mfumu ya mzindawo mu 1998, adamanga makilomita oposa 200 a misewu ya njinga, ina yodutsa m'makomboni momwe mudalibe ngakhale msewu wa tala.

Seville ndi mzinda wa ku Spain komwe nthawi yachilimwe kumatentha ngati ku Nchalo mu Okutobala. Kumeneko kudalibe mwambo wokwera njinga. Pakati pa 2006 ndi 2007 khonsolo idamanga makilomita 80 a misewu ya njinga nthawi imodzi, yonse yolumikizana, ndipo pofika 2010 idali itakwana makilomita 120. Malo ake adalanda pomwe ankaimika galimoto m'mbali mwa msewu. Eni galimoto adalira, koma pasanathe zaka zisanu maulendo a pa njinga adafika pafupifupi 70,000 patsiku. N'chifukwa chake Velo-city ya 2011 idapita kumeneko, anthu akaone okha.

Ngakhale anansi athu ayambapo. Mu 2015 mzinda wa Nairobi udavomereza mfundo yakuti 20 peresenti ya ndalama zomangira misewu zizipita ku njira za oyenda pansi ndi apanjinga. Kigali idayamba masiku opanda galimoto mu 2016, Addis Ababa idatsatira mu Disembala 2018. Zambia idatulutsa ndondomeko yake ya oyenda pansi ndi apanjinga mu 2019, ndipo amene mudafikako ku Chipata, kungodumpha malire a Mchinji apa, mukudziwa kuti tauni imeneyi ndi ya njinga kuyambira kale, muja kudali fakitale ya njinga za Eagle. Mu 2023 msonkhano waukulu wa oyenda pansi wa Walk21 udachitikira ku Kigali.

Sikuti zonse zikuyenda bwino kwa anansiwa, ayi. Ku Nairobi mfundo ili papepala koma woyenda pansi akulimbanabe ndi matope. Ku Kampala adakonza njira yokongola ya apanjinga ndi oyenda pansi mu Namirembe Road, koma mavenda ndi anjinga zamoto sadachedwe kulowamo. Ndipo ku Bujumbura, mu Malichi 2022, boma la Burundi lidaletseratu njinga zonyamula anthu, zamoto ndi zakapalasa zomwe, kulowa m'kati mwa mzinda, anthu osauka n'kumayenda pansi mitunda italiitali. Njira ziwirizo zili poyera: kumupatsa malo wapanjinga kapena kumuthamangitsa. Ife tikulowera iti?

Mwini msewu ndani kuno?

Tiyeni tione kwathu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pafupifupi mabanja 4 mwa 10 alionse m'dziko muno ali ndi njinga, pomwe okhala ndi galimoto ndi mabanja pafupifupi 3 okha mwa 100. Mwamva? Atatu pa zana. Koma mukayang'ana misewu ya m'mizinda yathu mungaganize kuti aliyense ali ndi Prado.

Njinga ndiyo lole ya munthu wamba. Agogo athu pobwera ku Theba kapena ku Wenela, chinthu choyamba kuonetsa pamudzi chidali Humber kapena Raleigh yonyezimira. Lero dzukani m'mamawa mukaime pa msewu wa Likuni kapena wa Zalewa, muone chimene chikudyetsa tauni. Matumba a chimanga, madengu a tomato, nkhuku, mbuzi, mabanzi, mitolo ya nzimbe, zigubu za mkaka, malata, ngakhale bokosi la maliro, zonse zili pa keriya. Kumudzi mayi woyembekezera amafika kuchipatala pa njinga. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amayendera yomweyo. Ndipo achinyamata zikwizikwi amene sukulu idawatayira panjira, kapena adaimaliza koma ntchito kulibe, akudyetsa mabanja ndi kabaza, amene ku Mzuzu amati sakaramento, ena amati zobanduka.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, 221,272 ku Mzuzu ndi 105,013 ku Zomba. Ambiri mwa anthu amenewa popita kuntchito amayenda pansi, amapalasa, kapena amapanikizana mu minibasi. Lilongwe, amene adakhala likulu mu 1975, adamujambula ngati mzinda wa anthu a galimoto: Old Town uko, Capital Hill uko, mafakitale a Kanengo kutali uko, pakati pake tchire ndi mitunda. Wantchito wa ku Chinsapo, Kauma kapena Area 25 ndiye adzionere yekha. Chomvetsa chisoni n'chakuti Lilongwe ndi mzinda wopanda mapiri, wokhala ndi malo ambiri m'mbali mwa misewu. Injiniya wa ku Holland atauona angachite kumeza malovu.

Koma wapanjinga malo ake ndi ati? Kamzere kachikasu m'mphepete mwa tala, pomwe phula lidanyotsoka kalekale n'kusiya mano ngati a sowo. Pomwepo mpoimika minibasi, pomwepo mpogulitsira kaunjika, pomwepo mpothira mchenga wa munthu amene akumanga mpanda. Wapanjinga akafuna kuzemba zonsezi amalowa pakati pa msewu, kumbuyo kwake thiraki ya matayala 22 ikuliza hutala.

Inenso zidandionekerapo. Tsiku lina madzulo ndidakwera kabaza kuchokera kumsika. Wopalasayo adali bambo wachikulire, woyenda bwinobwino kumanzere kwake, belu ndi mabuleki zonse zili bwino. Minibasi ina idatipitirira, kenaka kondakitala ataona munthu wakweza dzanja, dalaivala adangokhotera kutsogolo kwathu n'kuima. Madalawo adalibe kothawira. Tonse awiri tidapezeka m'ngalande, ine bondo litasupuka, iwo limu itapindika ngati nambala 8. Minibasi idanyamula munthu wake n'kumapita, kondakitala akutitukwana pawindo kuti tizikapalasira kumudzi. Chimene chidandikhudza sichidali bondo langa. Bamboyo ankangondipepesa, achimwene pepani, achimwene pepani, ngati wolakwa adali iye. Njingayo idali yahayala, ndipo madzulo omwewo amayenera kukapereka ndalama kwa mwini wake. Tafika pakuti munthu wosauka amapepesa chifukwa chogundidwa.

Ife tidapulumuka. Ambiri sapulumuka. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la 2015 lidaika Malawi m'gulu la maiko atatu oopsetsetsa pamsewu, pomwe lidayerekeza kuti anthu 35 mwa 100,000 alionse amafa pa ngozi chaka chilichonse. Lipoti lina la mabungwe a United Nations la 2022 lidati mu Africa muno tsiku lililonse oyenda pansi 261 ndi apanjinga 18 amafera pamsewu. Tsiku lililonse, abale anga! Ikadakhala ndege ikugwa tsiku ndi tsiku bwenzi atsogoleri atakumana usiku womwewo. Koma poti akufa ndi a kabaza ndi amayi osenza nkhuni, nkhani imathera pa wailesi: wapanjinga wina yemwe sakudziwika dzina wafa atagundidwa ndi galimoto.

Msewu wa njinga si penti

Tsono kumisonkhano kuja amaphunzitsana chiyani? Ndawerenga zambiri zimene zimakambidwa kumeneko, ndipo mfundo zake si zamatsenga. Munthu wa Fomu 2 angazimve.

Choyamba, penti siteteza munthu. Kujambula mzere ndi kachithunzi ka njinga pa tala n'kungotaya ndalama, chifukwa dalaivala wa minibasi saopa penti. Pamsewu wothamanga galimoto, njira ya njinga imafunika kupatulidwa ndi chinthu chogwirika: kakhoma ka simenti, mizati, ngalande kapena mzere wa mitengo. Tayala likagunda simenti dalaivala amakumbukira malamulo.

Chachiwiri, ikhale yotakata ndithu, mamita awiri kapena kuposa mbali iliyonse, kuti wina athe kupitirira mnzake. Kuno kwathu ifunika kutakata kwambiri popeza njinga zathu zimanyamula matumba opingasa. Ndipo oyenda pansi akhale ndi yawoyawo, apo ayi onse adzadzazana m'njira ya njinga, wapanjinga n'kubwereranso pa tala.

Chachitatu, njirazo zilumikizane. Msewu wa njinga wa kilomita imodzi umene umathera pa mlatho kapena pa raundabauti uli ngati mlatho wothera pakati pa mtsinje. Ngozi zambiri za m'tauni zimachitikira pa mphambano, pomwe galimoto ikukhota. Seville idapambana chifukwa idamanga zonse pakamodzi, munthu n'kumachoka kunyumba mpaka kuntchito osasakanikirana ndi mabasi.

Chachinayi ndi liwiro. Akatswiri adapeza kuti munthu akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola, pa anthu 10 pafupifupi 9 amapulumuka. Liwiro likafika 50 kapena 60, maliro amachuluka kwambiri. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za maiko womwe udachitikira ku Stockholm mu Febuluwale 2020 udagwirizana kuti pamalo pomwe galimoto zimasakanikirana ndi anthu, liwiro lisapitirire 30. Chikwangwani chokha sichithandiza. Pamafunika mahampu omangidwa bwino, msewu wopanikiza ndi malo owolokera okwera. Ganizirani za misika ya m'mbali mwa M1 monga Lizulu, Tsangano, Mponela ndi Jenda, momwe mathiraki amadutsira pakati pa anthu.

Chachisanu ndi tinthu timene mabwana amationa ngati tating'ono: magetsi a mumsewu, poimika njinga pamsika, pachipatala ndi pasukulu, mithunzi ya mitengo, ndi kusesa mchenga ndi magalasi osweka amene amaboola machubu. Pamalo poimika galimoto imodzi pamakwana njinga pafupifupi 10. Mayi kapena mtsikana wa sukulu sangapalase mumdima, ndipo anzathuwo amati mzinda umadziwika kuti wakonza bwino njira zake ukaona amayi, ana ndi nkhalamba akupalasa mosaopa.

Kukulitsa msewu si mankhwala

M'zaka zapitazi taona misewu ikukulitsidwa. Chipembere Highway mu Blantyre idamangidwanso ndi thandizo la dziko la Japan. Ku Lilongwe kudabwera msewu wodutsa pamwamba pa unzake ku Area 18, kenaka ntchito ya misewu ya mizere isanu ndi umodzi idakhazikitsidwa mu 2021. Palibe amene akudana ndi chitukuko. Ndipo paliponse pomwe omanga asiyako kanjira ka oyenda pansi ndi apanjinga, tiyamike. Koma tifunse: kanjirako kakuthera kuti? Kakufika ku Mgona? Nanga gogo wa ndodo awoloka bwanji mizere isanu ndi umodzi?

Anzathu adaphunzira mowawa kuti kukulitsa msewu sikuthetsa mdipiti wa galimoto. Msewu ukakula, amene anali kukwera basi amagula galimoto, pakapita zaka zochepa wadzazanso. Ku Houston m'dziko la America adakulitsa msewu wa Katy Freeway mu 2008 mpaka malo ena kupitirira mizere 20, koma patangopita zaka zochepa anthu adayamba kuchedwanso pamsewu womwewo. Zili ngati munthu amene mimba ikukula, iye n'kumangoboola bowo lina pa lamba.

Masamu ake ndi awa. Mzere umodzi wa msewu, wotakata mamita atatu ndi theka, umadutsitsa anthu pafupifupi 2,000 pa ola ngati ali m'galimoto zing'onozing'ono. Malo omwewo akhoza kudutsitsa apanjinga pafupifupi 14,000. Ndiye amene akudya malo ndani, wakabaza kapena bwana amene ali yekha m'galimoto ya mipando isanu ndi iwiri?

Palinso nkhani ya ndalama zakunja. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi madola. Tonse tikukumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta ya 2011 ndi 2012, ndi inanso kuyambira 2022, anthu akugona m'galimoto ndi zigubu m'manja. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi n'kukwera nayo. Masiku amenewo amene ankayendetsa dziko adali wakapalasa. Mafuta ake ndi nsima ndi chinangwa, zolimidwa konkuno.

Ena amati apanjinga salipira msonkho wa pamsewu, ndiye asamalankhule. Zoona, ndalama zokonzera misewu zimachokera pa mtengo wa mafuta ndi pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Koma mtengo wa mafutawo umalowa mu sopo, mchere ndi shuga zimene wakabaza amagula, ndipo ngongole zomangira misewu tidzabweza tonse, ndi ana athu omwe. Komanso ndi liti pamene njinga idakumbapo dzenje pa tala?

A kabaza nawo asinthe

Kunena mosapsatira, nawo anzathu a kabaza ali ndi zawo. Ena amapalasa usiku opanda nyale ngakhale lifulekita, atavala zakuda. Ena mabuleki ndi chidendene cha patapata. Ena amakhota osakweza dzanja, amayenda mbali yolakwika, amanyamula mayi, mwana ndi thumba nthawi imodzi, kapena amayamba alawako kachasu. Kubwera kwa njinga zamoto kwawonjezera chipwirikiti, ndipo zipatala zathu zikulandira ovulala ambiri. Madalaivala akamadandaula sikuti akunama.

Koma mankhwala a mutu si kuudula. Nthawi ndi nthawi timamva kuti khonsolo yalamula a kabaza kuchoka m'kati mwa tauni, njinga zikulandidwa n'kuponyedwa mu lole. Pakatha sabata ziwiri onse abwerera, chifukwa njala ilibe lamulo ndipo okwera akuwafunabe. Bwanji osawalembetsa m'kaundula, kuwapatsa masiteji odziwika, kuwaphunzitsa malamulo a pamsewu m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, n'kuwalamula kukhala ndi nyale, belu ndi chovala chowala? Magulu awo alipo kale, ali ndi matcheyamani ndi malamulo awo. Wolakwa alangidwe, koma ayambe wapatsidwa poyenda. Sungamuimbe mlandu munthu woyenda pakati pa msewu pomwe m'mbali mulibe njira.

Misonkhano yathu nayo

Tsono ndibwerere ku misonkhano. Ife Amalawi pa nkhani ya misonkhano sitichepa. Masemina ndi mawekishopu ku Mangochi ndi ku Salima satha. Anthu amapita pa galimoto za boma, kusaina alawansi, kudya chambo, kujambulitsa, kenaka lipoti n'kukagona mu kabati. Mapulani tili nawo. Pulani yaikulu ya zamtengatenga ya 2017 mpaka 2037 ilipo ndipo imakambapo za oyenda pansi ndi apanjinga. United Nations idakhazikitsa 3 Juni kukhala tsiku la njinga padziko lonse mu 2018, komanso maiko adalonjeza kuchepetsa ndi theka imfa za pamsewu pofika 2030. Zolemba sizikusowa. Chikusowa ndi simenti pansi.

Chimene ndimasirira ku Velo-city n'chakuti nthumwi sizingokhala mu holo. Zimakwera njinga n'kuzungulira mzinda umene walandira msonkhanowo, kuona pomwe pakonzedwa ndi pomwe palakwika. Ife titachita chimodzimodzi bwanji? Msonkhano wotsatira wokamba za misewu usakachitikire kunyanja. Uchitikire ku Kawale kapena ku Bangwe. Nduna, mfumu ya mzinda, mainjiniya a Roads Authority ndi akuluakulu a polisi ya pamsewu asiye galimoto zawo, aliyense apatsidwe njinga, apalase kuchokera ku Chinsapo mpaka ku Kanengo 7 koloko m'mawa, popanda wapolisi wotsekereza msewu. Pa tebulo lapamwamba pakhalenso wakabaza, mayi wa geni, mwana wa sukulu ndi munthu woyenda pa njinga ya olumala. Ndikukhulupirira kuti pofika madzulo mapulani adzakhala atasintha.

Zopempha zake si zodula. Msewu uliwonse watsopano kapena wokonzedwanso m'tauni ukhale ndi njira yopatulidwa ya njinga ndi ya oyenda pansi, ndipo kontalakita asalandire ndalama yomaliza asanaimalize. Gawo lodziwika la ndalama za misewu lipite ku ntchito imeneyi monga adalembera a ku Nairobi, koma ife tichite zenizeni. Pa sukulu, pamsika ndi pachipatala liwiro likhale 30. Khonsolo iliyonse isankhe njira ziwiri kapena zitatu zimene apanjinga amadutsa kwambiri, izikonze kuchokera kukomboni mpaka kuntchito. Ndipo Lamulungu limodzi pamwezi tiyese kutseka msewu umodzi m'tauni kwa maola ochepa, ana akaphunzire kupalasa. Chimenechi sichifuna ngongole ya ku World Bank. Chimangofuna migolo ingapo ndi apolisi awiri.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi tidasankha matipate, ndipo pa 17 Meyi 1994 tidaponya voti, munthu mmodzi voti imodzi. Voti ya wakabaza ndi yofanana ndi ya mwini Benz. Nthawi ya kampeni andale amadziwa bwino zimenezi, paja ndi a kabaza omwewa amene amavekedwa matisheti ndi nsalu za chipani kuti atsogolere mdipiti, belu lili ngiringiri. Chisankho chikatha, yemwe uja amawadutsa pa liwiro la 100, magalasi akuda atatseka, iwo ali m'ngalande.

Ndiye inu a kabaza, inu amayi a geni, inu makolo amene ana anu amawoloka M1 popita kusukulu, khansala wanu ndi phungu wanu akabwera kudzapempha voti kapena kudzatsegula chitukuko, musangovina. Mufunseni kuti njira yathu ya njinga ili pati, iyamba liti, ndipo ndalama zake zili pa tsamba liti la bajeti. Akayamba kuzungulira, mubwerekeni njinga apalase.